Zomera sizidya, siziyenda? Nanga kaufiti timuike pati?

Mayi wa ku Kawale: Odi pagulu pano. Aphunzitsi amene mulipo ndithandizeni. Mwana wanga wa Fomu 1 amupatsa funso loti afotokoze kusiyana kwa zomera ndi nyama pa kadyedwe ndi kayendedwe. Iye walemba kuti zomera zimadya dothi ndipo sizisuntha, nyama zimadya zomera ndipo zimayenda. Kwa ine zikumveka, koma mtima sukukhazikika. Apereke choncho?

Mphunzitsi wa Biology: Asapereke kaye mayi, amukhwatcha. Chomera sichidya dothi, chimadzipangira chokha chakudya m'masamba. Madzi chimakoka ndi mizu, mpweya wa carbon dioxide umalowa pa timabowo ta pa tsamba, ndiye chlorophyll, amene amabiriwitsa tsambalo, amakola kuwala kwa dzuwa. Mphamvu ya kuwalako ndi imene imalumikiza madzi ndi mpweya uja kukhala shuga, n'kutsala oxygen tikupumayu. Imeneyo ndiyo photosynthesis. Nyama singathe zimenezi, iyenera kupeza chakudya chopangidwa kale, n'chifukwa chake imayendayenda. Pa kayendedwe alembe kuti nyama imanyamula thupi lonse kuchoka apa kupita apo, pamene chomera chimasuntha ziwalo zina zokha, kawirikawiri mwa kukula. Akatero mamalikisi ndi ake.

Mayi wa ku Kawale: Zikomo aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Ndamupatsa foni akopere.

Mlimi wa ku Mchinji: Aphunzitsi, ndifunseko mwaulemu. Ngati chimanga sichidya za m'dothi, ndalama timakwirira mu feteleza zija timatayiranji? Tingosiya tizidikira dzuwa? Pajatu dzuwa kwathu kuno n'laulere.

Mphunzitsi wa Biology: Musasiye bambo, mungandimangitse. Feteleza amapereka michere monga nitrogen ndi phosphorus, imene chomera chimafuna kuti chipange chlorophyll ndi mapuloteni. Mwaonapo chimanga chosowa urea, masamba achikasu? Ameneyo ndi chlorophyll wachepa, ndiye ngakhale dzuwa liwale chotani chilibe chokolera kuwalako. Koma kulemera kwa phesi ndi chitsononkho, kwambiri kumachokera mu mpweya ndi m'madzi. Kalekale Jan Baptist van Helmont, wa dera limene lero ndi Belgium, anabzala kamtengo mu mphika wa dothi limene anayamba waliyeza kulemera. Anangokathirira madzi kwa zaka 5. Mtengowo unalemera ndi makilogalamu pafupifupi 74, koma dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 1648. Iye anati zonse ndi madzi, za mpweyazo anadzazitulukira ena pambuyo pake.

Mlimi wa ku Mchinji: Chabwino, za feteleza ndamva. Koma mwati chomera chimadzipangira chokha chakudya. Bwerani kumunda kwanga mwezi wa Febuluwale ndikuonetseni chomera chimene sichidzipangira kanthu. Kaufiti. Pamene wamera iye, chimanga chimapinimbira, masamba kupiringizika ngati kuli chilala pamene mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Ameneyo ndi wopanga chakudya kapena wakuba?

Mlangizi wa zaulimi: Apa mwandiitana ine, bambo. Ndi wakuba, ndipo ukadaulo wake ndi woopsa. Kaufiti wa maluwa ofiira amene amavuta pa chimanga kuno dzina lake la sayansi ndi Striga asiatica. Njere zake n'zazing'ono kwambiri, mukhoza kuziyesa fumbi, ndipo chomera chimodzi chimabereka njere masauzande ambirimbiri. Zikagwa m'nthaka sizimera mwachisawawa. Zimatha kukhala zaka zoposa 10 zili duu, kudikira. Zimadikira chiyani? Mizu ya chimanga, mapira kapena mawere imatulutsa timadzi tina m'dothi. Njere ikamva timadzi timeneto imadziwa kuti chakudya chili pafupi, ndiye imamera, kamuzu kake n'kuboola muzu wa chimanga n'kulumikizana ndi njira zodutsa madzi. Zili ngati munthu wolumikiza waya mobisa pa magetsi a mnzake, bilu n'kumalipira mwini nyumba. Chopweteka n'choti ntchito yaikulu yowononga imachitika iye akadali pansi. Mukamaona maluwa ofiira aja, chimanga chinayamba kale kuyamwidwa masabata angapo apitawo.

Mlimi wa ku Mchinji: N'chifukwa chake makolo anamutcha dzina lija. Munthu unkangoona chimanga chikufota popanda chochigwira.

Mphunzitsi wa Biology: Kunena zoona kaufiti ali ndi masamba obiriwira, ndipo akatuluka pamtunda amapangako chakudya pang'ono. Kungoti sizimukwanira. Alipo anzake oposa iye. Kuli kachomera kachikasu kopanda masamba, konga ulusi, kamene kamakuta mipanda ya maluwa ndi mitengo m'matauni, dzina lake Cuscuta. Kameneko kakamera kamazunguliza nsonga yake m'mwamba kufunafuna chomera choti kagwire. Kakachipeza kamachikulunga, kubaya tsinde, kenako mbali yake ya m'dothi imauma. Kakapanda kupeza, masiku ochepa kafa.

Mnyamata wa ku Cape Town: Ndiye aphunzitsi mwawauza amayi aja kuti mwana alembe zabodza? Mwati zomera zimadzipangira chakudya, pano mukuvomera kuti zina zimaba. Mwati sizisaka, pano kachomera kakuzungulira kusaka. Mabuku athuwa amatinamiza eti?

Mphunzitsi wa Biology: Achimwene, mwana wa Fomu 1 umayamba wamupatsa lamulo, zophwanya lamulo zimabwera akakula. A MANEB akafunsa kusiyana kwa zomera ndi nyama safuna mbiri ya kaufiti. Koma inde, lamulolo lili ndi mabowo, ndipo ine ndimaona kuti mabowowo ndi amene amakoma kuphunzitsa kuposa lamulo lenilenilo. Nthawi ndi imene imatichepera.

Mnyamata wa ku Cape Town: Bowo lina nali. Kuno m'mbali mwa nyanja ya mchere, pa miyala pamamatirira tinkhono takuda ta zigoba ziwiri, amati mussels. Ndi nyama, anthu amadya, koma pamene yamatirira ndi pomwepo. Siyenda. Imangotsegula chigoba, mafunde n'kumaibweretsera chakudya, iyo n'kumasefa.

Mphunzitsi wa Biology: Mwalasa. Koma zikakhala zazing'ono zimasambira kaye, kufunafuna mwala woti zikhazikikepo. Zikapeza malo amene madzi amabweretsa chakudya okha, ulendo wathera pomwepo. Kuyenda kumadya mphamvu. Chamoyo sichiyenda chifukwa choti ndi nyama, chimayenda chifukwa chakudya chake sichibwera chokha, kapena chifukwa pali wina akufuna kuchidya. Dzuwa limafika lokha pa tsamba, mtengo uyenderenji?

Gogo wa ku Dedza: Ana inu mukuti zomera sizisuntha, munalimapo mtedza? Duwa limachita pamwamba, koma likayoyoka kamatuluka kamsomali kamene kamaweramira pansi mpaka kulowa m'dothi, mtedza n'kukakhwimira m'menemo. Ndani amakauza kuti pansi ndi uku? Ndipo madzulo masamba a mtedza amatsekeka, m'mawa n'kutseguka. Dzungu nalo, lero kadzanja kake kali m'malere, mawa mupeza kagwira phesi.

Mphunzitsi wa Biology: Agogo mwaphunzitsa phunziro lonse la tropism, kupindika kwa chomera pokula motsata kuwala kapena mphamvu yokokera pansi, popanda choko. Kamsomali ka mtedza kamatsata mphamvu yokokera zinthu pansi, monga umachitira muzu. Nsonga ya chomera imapindikira kumene kuli kuwala chifukwa auxin, amene amakulitsa maselo, amachuluka mbali ya mthunzi. Mbali imeneyo imatalika msanga, tsinde n'kupindika. Mpendadzuwa akakhala wamng'ono amatsatira dzuwa tsiku lonse, usiku n'kubwerera kum'mawa. Akakhwima amasiya, amangoyang'ana kum'mawa basi. Kutsekeka kwa masamba a mtedza n'kwina, si kukula ayi, ndi madzi amene amalowa ndi kutuluka m'maselo a patsinde pa tsamba.

Gogo wa ku Dedza: Nanga bowa? Sabiriwira, samera pa dzuwa, sayendanso. Mumuika mbali iti?

Mphunzitsi wa Biology: Palibe mwa ziwirizo agogo. Kale ankamuwerengera ku zomera, koma mu 1969 Robert Whittaker anaika bowa ndi abale ake m'gulu laokha, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti pa chibale ali pafupi ndi nyama kuposa zomera. Chimene timazula chija ndi chipatso chabe. Thupi lenileni ndi timaulusi toyera tili m'dothi kapena mu chipika chowola. Ife timameza chakudya n'kukachigaya m'mimba. Bowa amathira timadzi togayira kunja, pa chakudyacho, chikasungunuka n'kumayamwa. Kuyenda kwake n'kukula, timaulusi timangolowerera kumene kuli chakudya.

Mlangizi wa zaulimi: Ndiwonjezereko za bowa wa pachulu, chifukwa ambiri sadziwa kuti ali ndi eni ake. Chiswe chomanga zulu zikuluzikulu chimalima bowa. Chimatuta udzu ndi timitengo, kutafuna, n'kuumba timapanga m'kati mwa chulu. Pamenepo pamamera bowa wa mtundu wa Termitomyces, amene amafewetsa udzu umene chiswe pachokha chikanavutika kugaya. Chiswe n'kumadya zofewazo pamodzi ndi bowayo. Mvula ikagwa ndi pamene amatulukira kunja ife n'kukazula. Ndiye chiswe ndi miyendo, bowa ndi mimba. Pamene ndelema ndi bowa wina wa m'nkhalango amalumikizana ndi mizu ya mitengo monga mombo ndi msuku. Mtengo umamupatsa shuga, iye amauthandiza kupeza madzi ndi michere.

Gogo wa ku Dedza: Ndiye chifukwa chake. Phiri limene tinkazulako bowa tili atsikana anadula mitengo yonse kuotcha makala. Pano ngakhale mvula igwe bwanji, mumabwerako ndi dengu lopanda kanthu. Ife timati nthaka yakalamba.

Msodzi wa ku Nkhotakota: Mwakamba za kumtunda zokhazokha, ngati kunyanja kulibe zamoyo. Ife kuno nsomba timaidziwa ndi kamwa. Mbuna kamwa yake ndi yopalira ndere pa miyala, ndipo sichoka pa miyalapo, simudzaipeza pakati pa nyanja. Utaka kamwa imatuluka kutsogolo, imatola tizilombo toyandama m'madzi kamodzikamodzi. Ncheni ndi wautali, woonda, mano akuthwa, ntchito yake n'kuthamangitsa usipa. Kampango amasaka usiku, pansi, ndevu zija ndi zimene zimamulondolera. Ndiye pali kaligono, waulesi koma wochenjera. Amagona cham'mbali pa mchenga ngati wafa, mawanga ake ngati nsomba yoyamba kuwola. Tinsomba tikabwera kuti tidye maliro, iye n'kudzambatuka, kamodzi kokha hapu.

Mnyamata wa ku Cape Town: Kkkkk madala, kudya maliro n'kudyedwa ndi malemu omwewo.

Mphunzitsi wa Biology: Kaligonoyo m'mabuku ndi Nimbochromis livingstonii. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba za banja limodzi la cichlid, ndipo chachikulu chimene chimazisiyanitsa ndi chomwe mwanenachi, kamwa ndi mano. Ilipo ina imene imadya mamba a nsomba zinzake, ina imaphwanya nkhono ndi mano a kukhosi. N'chifukwa chake UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Koma bambo, tiuzeni za nkhungu. Ana m'kalasi ndikawauza sakhulupirira.

Msodzi wa ku Nkhotakota: Nkhungu alendo amayesa utsi, amati kwapsa chiyani pakati pa madzi. Zimatuluka m'nyanja momwemo, kawirikawiri mwezi ukakhala mu mdima, n'kukwera m'mwamba mulu waukulu. Mphepo ikazikankhira kumtunda amayi amazikola ndi malichero onyowa, kuziumba, kuziphika, n'kuyanika. Ndiwo zabwino. Koma ukakumana nazo uli pa bwato, tseka kamwa ndi mphuno. Chimene ine sindimvetsa n'choti zimakhala kuti masiku onsewo zisanatuluke.

Mphunzitsi wa Biology: Zimakhala pansi panu pomwepo, zili mphutsi. Dzina lake ndi Chaoborus edulis. Mphutsi zake n'zoonekera mkati, m'madzi simungazione bwino. Nyanja yathu pamalo ozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika pansi mulibe oxygen, nsomba sizingakhaleko. Mphutsizi zimapirira madzi otero. Ndiye masana zimatsikira kozama, kufikira kumene nsomba sizingazitsatire. Kukada zimakwera kudzadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama kumtunda, kukamacha n'kutsikanso. Tsiku lililonse ulendo umenewo, kanthu kosakwana chikhadabo. Zili ndi timatumba ta mpweya m'thupi timene timafufuma kapena kuphwa, ndi timene timazithandiza kukwera ndi kutsika. Zimakwera chifukwa cha njala, zimatsika chifukwa cha mantha.

Msodzi wa ku Nkhotakota: Ndiye nsomba za pakati pa nyanja zimadziwa nthawi yake, chifukwa ukazitumbula umapeza zakhuta timphutsi timeneti. Ifenso timatsatira nsombazo ndi nyali ndi chilimira usiku womwewo. Aliyense akutsata mnzake.

Namwino wa ku Mangochi: Poti mwafika kunyanja, ndiloleni ndikuwonongereni chisangalalo. M'madzi omwewo muli china chimene chakudya chake ndi inuyo. Likodzo. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, mumatuluka kachilombo kokutidwa ndi timaubweya timene kamapalasira madzi, kufunafuna nkhono. Kakalowa mu nkhono kamachulukana, n'kutuluka kali ndi mchira wa mphanda. Mchirawo ndi wosambirira basi. Kakapeza khungu la munthu kamaboola, mchira n'kuusiya panja chifukwa ntchito yake yatha. M'thupi kamakula n'kukakhazikika m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, kumadya magazi kwa zaka. Mwana akamakodza magazi si kukula ayi, monga ena amanenera, ndi mazira a nyongolotsizo akuboola chikhodzodzo. Mankhwala alipo, praziquantel, bwerani naye kuchipatala.

Msodzi wa ku Nkhotakota: Anamwino, ife tikamakoka khoka timalowa m'madzi tsiku ndi tsiku. Tizisiya?

Namwino wa ku Mangochi: Sindinganene kuti musiye ntchito bambo, koma muzilandira mankhwala akamagawa, ndipo pa gombe pakhale chimbudzi. Komanso nsomba zophwanya nkhono zimene anena aphunzitsi zija n'zothandiza. Ku Cape Maclear ofufuza anaona kuti nsombazo zitachepa chifukwa chogwidwa kwambiri, nkhono zinachuluka, likodzo nalo n'kukwera. Makoka a maso ang'onoang'ono, makamaka maneti a udzudzu amene ena amaphera nsomba m'mbali mwa gombe, amakokolola ana a nsomba zomwezo.

Mphunzitsi wa Biology: Pa za m'thupi, onjezanipo njoka ya m'mimba yaitali yaphwatalala ija, yobwera ndi nyama ya nkhumba kapena ya ng'ombe yosapsa bwino. Ndi nyama, koma ilibe kamwa, ilibe matumbo. Imangokola mutu wake ku khoma la matumbo anu, chakudya chimene mwagaya kale n'kumalowa pa khungu lake. Achimwene a ku Cape Town, bowo lina ndi limenelo, lembani.

Mnyamata wa ku Cape Town: Ndalemba. Pano ndikufuna chimodzi chimene chimachita zonse ziwiri, kudzipangira chakudya komanso kuyenda. Chilipo?

Mphunzitsi wa Biology: Chilipo, m'chithaphwi chobiriwira kuseri kwa khola. Euglena. Ndi selo imodzi yokha. Ili ndi chlorophyll, ndiye pa dzuwa imadzipangira chakudya. Ilinso ndi kachingwe kutsogolo kamene imakupiza posambira, ndi kadontho kofiira kothandiza kudziwa kumene kuli kuwala, kuti isambirire komweko. Mukaiika mu mdima imayamba kuyamwa zakudya zosungunuka m'madzi. Mnzake amoeba, amenenso ndi selo imodzi, alibe mwendo, alibe kamwa, amangotambasula mbali ina ya thupi n'kukhuthukira komweko. Akapeza chakudya amachizinga ndi thupi lomwelo mpaka chili mkati. Kuyenda ndi kudya kwa iye ndi ntchito imodzi. Chondiwawa n'choti ana ambiri amamaliza Fomu 4 atangojambula zimenezi pa bolodi, osaziona ndi maso. Dontho limodzi la madzi a m'chithaphwi pa maikulosikopu limaphunzitsa kuposa ine kulankhula sabata yonse, koma masukulu angati a kumudzi ali ndi maikulosikopu yogwira ntchito?

Mlongo wa ku Chipata: Moni nonse a ku Malawi, ndimangowerenga mwakachetechete. Kuno ku Zambia tili ndi za ulendo wautali. Chaka chilichonse, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, mileme ikuluikulu yodya zipatso imasonkhana mamiliyoni m'kankhalango kakang'ono ku Kasanka National Park. Imabwera nthawi imene masuku ndi zipatso zina zakupsa. Madzulo imabalalika kukadya, m'bandakucha n'kubwerera. Zipatso zikatha, yapita. Ndipo njere zimene yameza imakazitaya kutali. Ndiye mtengo umene mukuti suyenda uja, ana ake amakwera mleme.

Mlimi wa ku Mchinji: Zikomo achemwali. Koma ine mundibwezere kumunda kwanga, chifukwa mileme sindilima. Alangizi, mwati njere ya kaufiti imadikira fungo la mizu ya chimanga. Palibe njira yoinamiza?

Mlangizi wa zaulimi: Ilipo, ndipo ndi imene timalimbikitsa. Mbewu zina monga soya, mtedza ndi thonje zimatulutsa timadzi tofanana, njere ya kaufiti wa chimanga n'kumera, koma singathe kuyamwa mizu yake. Chakudya chimene ili nacho m'kanjere kaja n'chochepa, ndiye masiku ochepa yafa. Mukachita kasinthasintha, chaka chino soya, chaka chamawa chimanga, mukuchepetsa njere m'nthaka. Si chaka chimodzi ayi, pamafunika kupirira. Chachiwiri ndi chonde. Chimanga cha pa nthaka yoguga chimatulutsa timadzi tija tochuluka, ndiye chimadziitanira chokha mdani. Manyowa, feteleza, nandolo pakati pa chimanga, zonsezo zimathandiza. Ku Kenya a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe anapeza kuti kubzala Desmodium, chomera cha m'gulu la nyemba, pakati pa mizere ya chimanga kumamupondereza kwambiri kaufiti. Chenjezo limodzi: pali kaufiti wina wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, amene amagwira khobwe, mtedza ndi soya. Mukamuona ameneyo, mbewu zimenezo zipume kaye pamundapo.

Mlimi wa ku Mchinji: Wanga ndi wofiira. Ine ndimazula n'kuunjika mu mizere kuti awolere momwemo.

Mlangizi wa zaulimi: Mumazula ali ndi maluwa kale?

Mlimi wa ku Mchinji: Eya, ndi pamene amaoneka bwino.

Mlangizi wa zaulimi: Ndiye mumamubzalira nokha bambo. Akachita maluwa, ngakhale mwamuzula, njere zimatha kukhwimira pa mulu pomwepo. Zulani asanachite maluwa, ndipo amene wachita kale mutulutseni m'munda mukamutenthe. Musaiwalenso kuti njere zake zilibe miyendo koma zimayenda: pa madzi othamanga, pa mphepo, pa ziboda za ng'ombe zodya mapesi, pa dothi lomatirira ku khasu ndi ku pulawo, ngakhale mu mbewu imene mwapunthira pansi m'munda wogwidwa.

Mlimi wa ku Mchinji: Pulawo yanga imazungulira minda ya mudzi wonse mwezi wa Novembala. Kuyambira chaka chino wobwereka aziibweza yotsuka, apo ayi akabwereke kwa apongozi ake.